Zopereka Zimene Zinamanga Malamulo

Chipatala cha Malamulo ku Makwasa, chimene chimathandizanso anthu a ku Masambanjati ndi ogwira ntchito m'minda ya tiyi, chinayamba ngati mishoni yotchedwa Plainfield, imene mpingo wa Seventh-day Adventist unagula mu 1902 ndi chopereka cha akhristu akutali omwe sanapondepo dothi la Thyolo. Thomas Branch, mbusa wakuda wochokera ku America, ndiye anatsogolera ntchitoyi, mwana wake Mabel n'kumaphunzitsa ana. Pambuyo pake panamangidwa malo osamalira odwala khate, nthenda imene inkachititsa munthu kusalidwa ngakhale ndi abale ake, ndipo apa mpamene chifundo chinaonekera kwambiri. Mayina a opereka ambiri sanalembedwe pakhoma, koma koleji ya pa Malamulo ikuphunzitsabe anamwino mpaka lero.