Kodi Mphamvu ya Maginito Imathera Pati?

Ine ndinakulira ku Mwanza, kufupi ndi malire a ku Zobue. Ndili mwana ndinaphwasula wailesi yakufa ya agogo anga aamuna, n'kuchotsamo maginito. Ndikawayandikiza ku misomali, misomali inkalumphira. Ndikawasendeza pang'ono, zii! Ndinafunsa kuti, "Agogo, kodi mphamvuyi imathera pati?" Iwo anaseka nati, "Ukadzaphunzira udzandiuze."

Yankho lake linabwera pang'onopang'ono. M'chaka cha 1831 Michael Faraday wa ku England anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya amabala magetsi. Mu 1865 James Clerk Maxwell anasonyeza ndi masamu kuti mphamvu ziwirizi zikamagwedezeka zimatulutsa mafunde othamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndi kuti kuwala ndi mafunde omwewo. Mu 1905 Albert Einstein anati kuwalako kumadza m'tizidutswa, timene mu 1926 tinapatsidwa dzina loti mafotoni.

Akatswiri amati fotoni ndiye mthenga wonyamula mphamvu ya magetsi ndi maginito. Mu 1935 Hideki Yukawa wa ku Japan anaonetsa kuti mthenga wotere akakhala wolemera, mphamvu yake siipita patali. Koma fotoni ilibe kulemera kulikonse, choncho palibe mpanda woiimitsa. Mtunda ukachuluka kawiri, mphamvu ya maginito imachepa kasanu n'katatu, koma siitheratu. Misomali yanga ija inkakokedwabe, kungoti kukokako kunali kochepetsetsa.

Chondidabwitsa n'chakuti agogo anali ataona kale mafotoni akugwira ntchito. Mu 1949 kunabwera wailesi yotchipa ya mapaundi 5, yotchedwa Saucepan Special chifukwa inkaoneka ngati sefuliya. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inkaulutsa mawu m'Chinyanja, MBC isanayambe mu 1964. Agogo ankasimba kuti ali mnyamata, mudzi wonse unkasonkhana madzulo kuzinga kabokosi kamodzi. Mafunde aja ankayenda makilomita oposa 600, kudutsa dera la Tete lomwe linali m'manja mwa Apwitikizi, popanda chiphaso. Ankafika ku Mwanza atafooka, koma ankafikabe.

Agogo anatisiya ndisanawayankhe. Maginito aja ndikali nawo, ndipo yankho lake ndi ili: Agogo, mphamvuyo imangofooka, koma ilibe pothera.