Malasha a ku Moatize

Ife a ku Moatize timakhala pamwamba pa malasha. Makolo athu anali kuwakumba m'maenje akuya. Mu 1949 njanji inafika kuno, ndipo malasha anayamba kupita ku Beira.

M'malasha mumacoka mpweya wosaoneka. Ukaculuka m'mgodi, kamoto kakang'ono kaphulitsa zonse. Cifukwa cake mgodi ufunika mphepo yolowa ndi kutuluka, ndipo mpweya uyesedwe anthu asanatsike. Imeneyi ndi nchito ya eni mgodi.

Mu 1976 mgodi wa Chipanga 6 unaphulika. Pa 2 Agosto 1977 unaphulikanso wa Chipanga 3. Anchito ambiri sanatuluke. Anthu anakwiya, napha ena mwa akulu a kampani. Mu 1978 boma linatenga migodi.

Masiku ano malasha akumbidwa poyera, kucokera pamwamba. Mgodi wotere umadya malo ambiri. Kampani ya Vale itabwera, anthu a ku Chipanga anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010, alimi ku Cateme, ena ku 25 de Setembro. Oumba njerwa anasiya dothi lao kumeneko. Mu 2013 anatseka njira ya ku mgodi, kufuna malipiro okwanira.