Alimi a ku Korea amene anati Mwini Kumwamba ali mwa munthu aliyense

Anzanga, tikamva dzina loti Korea ambirife timaganiza za mafoni a Samsung, magalimoto a Hyundai ndi mafilimu aja otigoneka mochedwa. Koma zaka zoposa 130 zapitazo Korea linali dziko la alimi a mpunga osauka zedi. M'chaka cha 1894 alimi amenewa ananyamula mikondo yansungwi, n'kugonjetsa asilikali a boma, mpaka kulanda likulu la chigawo chawo. Aka sikanali koyamba kuti alimi a kumeneko aukire, koma ulendo uno zinafika patali kuposa kale lonse. Tiyeni tione chimene chinasintha.

Kuyambira 1392 dzikolo linkalamulidwa ndi mafumu a banja la Joseon, ndipo anthu ankabadwira m'magulu. Pamwamba panali a yangban, anthu ophunzira amene ankagwira maudindo m'boma. Pansi pawo panali alimi wamba, ndipo pansi penipeni panali akapolo ndi anthu onyozeka monga opha nyama. Misonkho yambiri inkagwera alimi. Panali msonkho wa munda, msonkho wa nsalu umene mwamuna ankapereka m'malo mopita ku usilikali, komanso ngongole ya mpunga imene boma linkabwereketsa nthawi ya njala kuti ubwezedwe pokolola. Pofika m'ma 1800 zonsezi zinali zitasanduka njira zobera. Akuluakulu a boma ankalemba makanda ngakhalenso anthu akufa m'kaundula wa msonkho wa nsalu. Ngongole ya mpunga ankaikakamiza kwa anthu amene sanaipemphe n'komwe. Tangoganizani kulipirira msonkho agogo anu amene munawaika m'manda chaka chatha.

Madzi akafika m'khosi, alimi ankaukira. Mu 1811 Hong Gyeong-nae anatsogolera kuukira kumpoto, ndipo mu 1862 alimi a ku Jinju anayatsa moto umene unafalikira m'maboma ambiri a kummwera. Koma boma lililonse linkalimbana ndi wozunza wake palokha. Akamuthamangitsa, kapena atsogoleri awo akaphedwa, anthu ankabwerera kumunda, zinthu n'kukhala momwemo.

Pa nthawi yomweyo ku Gyeongju kunali bambo wina dzina lake Choe Je-u, wobadwa mu 1824. Bambo ake anali a yangban ophunzira, koma mayi ake anali mkazi wamasiye amene anakwatiwanso, ndipo mwa lamulo mwana wotere sankaloledwa kupikisana nawo pa mayeso a maudindo akuluakulu. Mu 1860 Choe ananena kuti Hanullim, Mwini Kumwamba, walankhula naye. Chiphunzitso chake anachitcha Donghak, kutanthauza maphunziro a kum'mawa, pochisiyanitsa ndi Chikatolika chimene anthu ankachitcha maphunziro a kumadzulo. Mfundo yake yaikulu inali yoti munthu aliyense amanyamula Hanullim mkati mwake, kaya ndi kapolo, mkazi, mwana kapena nduna. Iye mwini anamasula adzakazi ake awiri. Mmodzi anamutenga kukhala mwana wake, winayo anakwatiwa ndi mwana wake wamwamuna. Zina mwa ziphunzitso zake anazilemba ngati nyimbo m'zilembo za hangul, zimene amayi ndi anthu wamba ankatha kuwerenga, pomwe ophunzira ankanyadira zilembo za Chitchaina. Boma linaona kuopsa kwake, ndipo linamupha ku Daegu mu 1864 pomuimba mlandu wosocheretsa anthu.

Likanakhala gulu lina, likanathera pomwepo. Koma wolowa m'malo mwake, Choe Si-hyeong, anakhala zaka zoposa 30 akuthawathawa m'mapiri ndi m'midzi, kaphukusi kali m'manja, akuphunzitsa mobisa. Ankauza anthu kuti azilemekeza munthu mnzawo monga momwe amalemekezera kumwamba, ndipo ankati womenya mwana akumenya Hanullim amene. Anagawa okhulupirira m'magulu ang'onoang'ono otchedwa jeop, lililonse ndi mtsogoleri wake, ndipo magulu angapo ankalumikizana kukhala po. Apa ndiye pagona nkhani, anzanga. Mlimi wa boma lina tsopano anali ndi abale odalirika m'boma lina, ndipo uthenga unkatha kuyenda mudzi ndi mudzi popanda boma kudziwa. Mkati mwa gululi yangban ndi mlimi ankaweramirana mofanana. Zimenezi n'zimene zinakopa mnyamata wina wa m'banja wamba, Kim Gu, yemwe analowa Donghak asanakwanitse zaka 20 ndipo pambuyo pake anadzakhala mmodzi mwa atsogoleri akuluakulu omenyera ufulu wa Korea.

Moyo unkapitirira kuwawa. Pangano la ku Ganghwa la 1876 litatsegula madoko a Korea, mpunga wambiri unayamba kupita ku Japan ndipo mtengo wake unakwera. Mu 1892 ndi 1893 a Donghak anasonkhana ku Samnye, ku Seoul pachipata cha nyumba ya mfumu, kenako ku Boeun. Poyamba ankangopempha kuti dzina la Choe Je-u liyeretsedwe. Pofika ku Boeun anali akudandaulanso za akuluakulu akuba ndi mphamvu za mayiko akunja.

Moto weniweni unabuka ku Gobu, m'chigawo cha Jeolla chimene chimalima mpunga wochuluka. Mkulu wa boma kumeneko, tinene kuti DC wake, anali Jo Byeong-gap. Iyeyu anakakamiza alimi kumanga damu latsopano lotchedwa Manseokbo pamtsinje pomwe panali kale damu lina, osawalipira, kenako n'kumawalipiritsa msonkho wa madzi a damu lomwe anamanga okha. Anatoleranso ndalama zomangira chikumbutso cha bambo ake. Alimi anakadandaula, koma osamveka. Chakumapeto kwa 1893 atsogoleri awo analemba kalata yomemeza anthu, ndipo posaina anavundikira mbale papepala n'kulemba maina awo mozungulira, kuti boma lisadziwe amene anayamba kusaina.

Amene anawatsogolera anali Jeon Bong-jun, mphunzitsi wa kumudzi komanso mtsogoleri wa jeop. Anali wamfupi, moti anthu anamupatsa dzina loti Nokdu, ndiye kuti mphodza. Kumayambiriro kwa 1894 iye ndi alimi analanda ofesi ya boma ku Gobu, n'kubwezera anthu mpunga wolandidwa, n'kugumula damu lija. Jo anathawa. Zikanathera pamenepo ngati za 1862, koma wofufuza amene boma linatumiza, Yi Yong-tae, anakankhira mlandu wonse pa a Donghak n'kuyamba kuwamanga ndi kuwaotchera nyumba. Apa m'pamene magulu aja anagwira ntchito. Jeon anagwirizana ndi atsogoleri ena monga Son Hwa-jung ndi Kim Gae-nam, ndipo alimi zikwizikwi ochokera m'maboma osiyanasiyana anasonkhana. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pa 11 Meyi 1894 anagonjetsa asilikali a chigawo ku Hwangtojae. Patapita masabata awiri anakumana ndi asilikali ochokera ku Seoul, amene anali ndi mfuti zamakono. Alimi analuka zitete zazikulu zansungwi, zonga nkhokwe yogonekedwa pansi, n'kuzidzaza udzu, n'kumazigubuduza kutsogolo kwawo ngati zishango. Anapambananso, ndipo kumapeto kwa Meyi analowa mumzinda wa Jeonju, kwawo kwa makolo a banja lachifumu.

Mfumu Gojong ndi nduna zake anachita mantha n'kupempha asilikali ku China. Japan itamva, inatumizanso ake, ngakhale palibe anaiitana. Alimi ataona alendo awiri okhala ndi zida m'dziko mwawo, anapangana mtendere ndi boma mu Juni n'kutuluka mu Jeonju. Miyezi yotsatirayo anakhazikitsa maofesi awo otchedwa jipgangso m'maboma ambiri a Jeolla, momwe alimi ankaweruza milandu, kulanga akuluakulu akuba ndi kuthetsa misonkho yachinyengo. Kwa kanthawi kochepa, anthu aja ankangolamulidwa anayendetsa okha zinthu za kwawo.

Koma alendo aja sanachoke. Pa 23 Julayi asilikali a Japan analanda nyumba ya mfumu ya Gyeongbokgung, ndipo patangopita masiku awiri nkhondo ya China ndi Japan inayamba. Boma latsopano, limene Japan inaliika, linakhazikitsa malamulo othetsa ukapolo ndi magulu obadwira, n'kulolanso akazi amasiye kukwatiwanso. Komabe alimi anaona kuti dziko likupita m'manja mwa eni ena, ndipo anadzukanso, ulendo uno kulimbana ndi Japan. Choe Si-hyeong, yemwe poyamba sankafuna za nkhondo, anavomera kuti magulu ake alowe nawo. Chakumapeto kwa chaka, pampata wa Ugeumchi pafupi ndi Gongju, alimi a mikondo ndi mfuti zagogodera anakwera phiri mobwerezabwereza kulunjika pa mfuti zachiwaya za asilikali a Japan ndi a boma. Anaphedwa zikwizikwi, ndipo otsala anasakidwa mpaka kummwera kwenikweni kwa dziko. Jeon Bong-jun anaperekedwa ndi munthu womudziwa ku Sunchang, ndipo anamunyonga ku Seoul mu Epulo 1895. Choe Si-hyeong anaphedwa mu 1898. Mu 1910 Japan inameza Korea yense.

Ndiye mwina mukuti, basi zonse zinapita pachabe eti? Taonani zimene zinatsala. Magulu aja sanafe. Son Byeong-hui, mtsogoleri wachitatu, anasintha dzina la Donghak kukhala Cheondogyo mu 1905. Pa 1 Malichi 1919, pamene anthu a ku Korea analengeza kuti akufuna ufulu wawo kuchoka kwa Japan, 15 mwa atsogoleri 33 amene anasaina chikalatacho anali a Cheondogyo, ndipo dzina la Son linali loyamba. Alimi aja kwa nthawi yaitali ankatchedwa zigawenga, koma mu 2004 South Korea inakhazikitsa lamulo lowabwezera ulemu. Kuyambira 2019 tsiku la 11 Meyi limakumbukiridwa ndi dziko lonse, ndipo mu 2023 UNESCO inaika zikalata za kuukira kwawo m'kaundula wa zolemba zofunika kusungidwa padziko lapansi.

Mkwiyo unalipo mu 1811, unaliponso mu 1862. Zimene alimi a 1894 anali nazo zoposa anzawo akale zinali ziwiri: chikhulupiriro choti iwo ndi anthu ofanana ndi nduna iliyonse, ndi magulu amene anamangidwa mwakachetechete kwa zaka 30 lisanafike tsiku lowafuna. Mfuti zachiwaya zinawagonjetsa ku Ugeumchi, koma patatha zaka 25 magulu omwewo anali adakalipo kuti amemezenso anthu. Ife amene timasonkhana m'kagulu kathu kakang'ono, nthawi zina n'kumadandaula kuti tabwera ochepa, tizikumbukira kuti jeop iliyonse inayamba ndi anthu owerengeka m'kanyumba ka kumudzi.