Mawu a M'kalasi ndi Mawu a Pagombe: Chintheche, 1908-1909

Pamene amishoni a Livingstonia anachoka ku Cape Maclear nakhazikika pa Bandawe m'chaka cha 1881, anadza ndi njira yawoyawo yolankhulira ndi anthu. Ankalalikira makamu ndithu, koma nkhani ya ubatizo inali ya munthu mmodzimmodzi. Wofuna kulowa mu mpingo ankayamba m'kalasi la akumva, napitirira m'kalasi la katekisimu, ndipo potsiriza ankaima yekha pamaso pa mbusa ndi akulu a mpingo kuti afunsidwe za chikhulupiriro ndi makhalidwe ake. Njirayi inali ndi ubwino wake, pakuti mtsogoleri ankamdziwa munthu wake ndi dzina lomwe. Koma ofunsa anali owerengeka, ofunsidwa ochuluka. Atonga ambiri anadikira zaka, ena nabwezedwa, kufikira mitima inawawa.

Tsono m'chaka cha 1908 kunabwerera mwana wa dziko lomwelo, Elliot Kenan Kamwana. Iyeyu anaphunzira pa Bandawe ndi ku Khondowe, nasiya sukulu m'chaka cha 1901 posagwirizana ndi malipiro a sukulu. Ali ku South Africa anakomana ndi Joseph Booth, amene anamphunzitsa chiphunzitso cha Watch Tower.

Kamwana sanaitane anthu m'chipinda kuti awayese. Anaima poyera, nalankhula ndi khamu lonse pamodzi, m'chinenero chawo, pa zinthu zimene zinkawasowetsa tulo: msonkho wa nyumba, ulamuliro wa Azungu, ndi khomo la mpingo lochedwa kutseguka. Anati Ufumu udzafika m'chaka cha 1914, ndipo msonkho udzatha. Wovomera ankabatizidwa wosadikira zaka, womizidwa m'madzi, anzake ali kupenya. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu opitirira 9,000.

Nkosavuta kunena kuti anthuwo anangotengeka. Koma ambiri a iwo anali ataphunzira kale m'masukulu a mishoni, ndipo chimene anachipeza pagombe chinali yankho limene anali atalidikira nthawi yaitali. Kumeneko mlimi ndi wobwera ku migodi anamva dandaulo lawo likutchulidwa mokweza, mwina kwa nthawi yoyamba.

Komabe mawu a pakhamu ali ndi kufooka kwake: amatsamira pa pakamwa pamodzi. Boma linamgwira Kamwana m'chaka cha 1909 nilimchotsa m'dzikomo, ndipo pambuyo pake linamtumiza ku zilumba za Mauritius ndi Seychelles. Anthu zikwizikwi aja analibe amene anawaphunzitsa mmodzimmodzi. Chaka cha 1914 chinafika ndi nkhondo, msonkho uli chikhalire. Ena anabwerera ku mishoni, ena analowa mipingo ina.

Kamwana analoledwa kubwera kwawo m'chaka cha 1937. Anayambitsa mpingo wa Mlonda, wocheperapo kuposa makamu akale aja, nautsogolera kufikira imfa yake m'chaka cha 1956.