Kodi "write-off" n'chiyani?

Ambiri akamva zoti galimoto ndi "write-off" amangoti basi yasanduka chiphapha. Sizili choncho nthawi zonse. Mawuwa adachokera kwa owerengera ndalama, kutanthauza kufufuta katundu m'kaundula: a inshuwalansi aona kuti kuikonza n'kuluza. Ku Britain, chiyambire Okutobala 2017, magulu ake ndi A, B, S ndi N, ndipo zobwerera pamsewu ndi S ndi N zokha. Tsono mukapeza yonyezimira kumeneko yolembedwa Cat S (gulu S), dziwani kuti chimango chake chidawonongeka pangozi. Wina anganene kuti Cat N ilibe vuto poti chimango n'chabwinobwino. Komatu mabuleki, chiwongolero kapena mawaya amagetsi zitha kukhala zidakhudzidwa, ndipo penti yatsopano imabisa zambiri. Musanalipire, makaniko wanu ayambe waikweza n'kuiona kunsi.