Pulogalamu

Pulogalamu ndi ndondomeko ya zinthu zoti zichitike motsatizana, monga pa ukwati, pa maliro kapena pa wailesi. Pa nkhani za kompyuta, mawuwa amatanthauza malangizo olembedwa mwadongosolo kuti makina awatsatire limodzilimodzi. Malangizowo amalembedwa m'zinenero zapadera monga Python ndi Java.

Kale wophunzira ankalemba yekha mzere uliwonse, n'kumafufuza yekha pamene palakwika. Zinthu zinasintha GitHub Copilot itatuluka mu 2021 ndiponso ChatGPT mu 2022. Zida zimenezi za AI (luntha lochita kupanga) zimalemba pulogalamu munthu akangofotokoza chimene akufuna m'mawu wamba. Zinaphunzitsidwa ndi mapulogalamu miyandamiyanda olembedwa ndi anthu, ndipo zimalosera mzere woyenera kubwera patsogolo. N'chifukwa chake nthawi zina zimatulutsa pulogalamu yooneka bwino koma yolakwika.

Motero luso lofunika kwambiri tsopano ndi kuganiza njira yothetsera vuto, kuwerenga pulogalamu, kuiyesa ndi kufotokoza mmene ikugwirira ntchito. Wophunzira wa ku Migowi kapena ku Chiringa m'boma la Phalombe, akakhala ndi foni ndi bandulo, atha kufunsa AI kuti imumasulire pamene sakumvetsa, ngakhale kuti magetsi ndi intaneti sizipezeka ponseponse. Komabe mayeso a MANEB amafuna nzeru zake za m'mutu. Wofuna kukapitiriza maphunziro a kompyuta ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kapena ya MUBAS ku Blantyre ayenera kudziwa kulemba pulogalamu payekha, chifukwa ndi luso lomwelo limene lidzamuthandize kuzindikira pamene makina alakwitsa.