Khansala wa mumzinda wa Lilongwe: zimene angathe ndi zimene sangathe

Khansala ndi munthu amene anthu a m'wodi amamusankha kuti akawaimirire kukhonsolo. Mumzinda wa Lilongwe, iye ndiye mtsogoleri wosankhidwa amene ali pafupi kwambiri ndi anthu, choncho pafupifupi dandaulo lililonse limayambira pakhomo pake: magetsi a mumsewu akazima, ngalande ikatsekeka, akuba akathyola nyumba, bala ikamasokosa usiku wonse. Koma ndi madandaulo ochepa okha amene khansala angawathetse payekha. Ambiri amafuna chigamulo cha khonsolo yonse, ndipo ena sali n'komwe m'manja mwa khonsoloyo.

Kumene udindowu wachokera

Makhonsolo a masiku ano amayendera lamulo la maboma ang'ono la 1998, lomwe linabwera limodzi ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu. Chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamuloli chinachitika mu November 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, boma silinachititse chisankho china, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda makhansala mpaka pa 20 May 2014, pomwe Amalawi anavotera pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi.

Zaka 9 zimenezo zinasiya chipsera chimene sichinapolebe. Anthu anazolowera kupita kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi nkhani za mijigo, milatho ndi maliro, ndipo aphungu nawo anazolowera kuzilandira. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo: inachepetsa mawodi, inapatsa aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo, ndiponso inapatsa nduna ya maboma ang'ono mphamvu yosankha akuluakulu oyendetsa makhonsolo. Makhansala atabwerera mu 2014 anapeza malo awo atachepa.

Pa zisankho za 2014 ndi 2019, mzinda wa Lilongwe unali ndi mawodi 27. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu, kutanthauza kuti khansala mmodzi ankaimirira anthu oposa 36,000. Meya savoteredwa ndi anthu onse. Makhansala amasankha mmodzi mwa iwo kwa zaka ziwiri ndi theka. A Willie Chapondera ndiwo anasankhidwa mu 2014, ndipo mu 2019 a Juliana Kaduya anakhala mayi woyamba kutsogolera mzindawu.

Mphamvu yake ili pati?

Khansala salandira malipiro ngati wogwira ntchito m'boma, amangolandira ndalama yomuthokoza pamwezi, ndipo alibe thumba lakelake la chitukuko. Salemba kapena kuchotsa munthu ntchito. Ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kutola zinyalala n'kukazitaya ku Area 38, kukonza misewu ya m'kati mwa mzinda ndi kupereka ziphaso za malonda, zimagwiridwa ndi ogwira ntchito a khonsolo motsogozedwa ndi mkulu woyendetsa khonsoloyo, amene maofesi ake ali ku City Centre.

Mphamvu ya khansala ili m'makomiti ndi pamsonkhano wa khonsolo yonse. Kumeneko ndi kumene amavomereza bajeti, kukhazikitsa msonkho ndi kupanga malamulo a mzinda, omwe nduna iyenera kuwavomereza asanayambe kugwira ntchito. Pali makomiti a zachuma, zachitukuko, zomangamanga, zaumoyo ndi chilengedwe, komanso zamaphunziro. Khansala amene amaonekera pamaliro aliwonse koma n'kukhala duu m'komiti ya zomangamanga pamene akugawa misewu yokonza chaka chimenecho, wodi yake wailuzitsa, ngakhale anthu atamamuombera m'manja.

Mzinda umodzi, mavuto osiyana

Madandaulo a ku Lilongwe amatsata mmene mzindawu unamangidwira. Bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linakonza likulu la madera otalikirana, olekanitsidwa ndi nkhalango ndi madambo, ndipo Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975.

Ku Old Town vuto ndi kuthinana. Pamsewu wa Malangalanga, kudepoti ya mabasi, kumsika waukulu ndi ku Tsoka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, anthu amadandaula za opisa m'matumba, zinyalala ndi mavenda amene atseka njira za oyenda pansi. Nkhani ya mavenda ndiyo imawotcha manja a khansala, chifukwa mwini sitolo amene amalipira msonkho ndi wovota, venda amene wayala tomato pakhomo pa sitoloyo nayenso ndi wovota. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa ntchito imene inatchedwa Operation Dongosolo. Anabwereramo, ndipo kuthamangitsana kwa mavenda ndi khonsolo kwakhala kukubwerezeka, popeza kasitomala amagula pamene akudutsa, osati pamene khonsolo yamanga msika.

Ku City Centre vuto ndi losiyana: maofesi akatsekedwa madzulo, dera limakhala zii. Amene amaona zoopsa ndi mlonda, wophika kapena kalaliki woyenda pansi kudutsa m'tinjira ta m'tchire popita kokwerera minibasi. Apa zimene zimateteza munthu ndi nyale yoyaka ndi udzu wotchetchedwa, ndipo ziwiri zonsezi ndi ntchito za khonsolo.

M'madera a mapuloti akuluakulu monga Area 3, 9, 10, 12 ndi 43, anthu ambiri anadzipezera okha chitetezo: mpanda wa njerwa, waya wa magetsi, agalu ndi makampani a alonda. Madandaulo awo kwa khansala amakhala a maenje a mumsewu, mapuloti osamangidwa amene asanduka mobisalira akuba, ndi nyumba zogona anthu zimene zasandutsidwa maofesi, malo ogona alendo kapena omwera mowa. Kusintha ntchito ya puloti motero kumafuna chilolezo cha komiti yoona mapulani a mzinda, ndiye apa khansala wakhama ali ndi pogwira. Chovuta n'chakuti madera amenewa anayandikana ndi malo othinana amene mapulani sanawaganizire, monga Kauma pafupi ndi Area 12 ndi Mtandire pafupi ndi Area 47. Wa mumpanda akamapempha kuti njira yachidule itsekedwe, amakhala akutseka njira imene wantchito wake amadzera m'mawa uliwonse.

Za apolisi

Apolisi sali pansi pa khonsolo. Polisi ya Lilongwe ku Area 3 ndi ya Lingadzi zimamvera likulu la apolisi ku Area 30, ndipo khansala sangalamule kuti galimoto ya apolisi izizungulira m'wodi mwake. Pamene mbali ziwirizi zimakumana ndi m'makomiti a chitetezo cha m'madera, amene lamulo la apolisi la 2010 limawavomereza. Khansala akhoza kuitanitsa msonkhano wa anthu, atsogoleri a mabuloko ndi apolisi, kuthandiza kuti magulu olondera usiku akhazikitsidwe, ndi kufunsa kuti ndalama zimene mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi zayenda bwanji. Magulu amenewa udindo wawo ndi kupereka wokayikiridwa m'manja mwa apolisi. Kumenya kapena kuotcha munthu ndi mlandu.

Ndalama ndi eni ntchito

Khonsolo imadalira kwambiri msonkho wa malo ndi nyumba, kenako ndalama za m'misika ndi ziphaso. Eni nyumba ambiri amazengereza kulipira ponena kuti saona ntchito, khonsolo nayo imati singagwire ntchito popanda ndalama. Thumba la chitukuko la CDF, lomwe linayamba mu 2006, kwa zaka zambiri linkayendera mawu a aphungu. Mu May 2025, pamlandu umene linasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi mphamvu zawo pa thumbali n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Zinthu zina zili ndi eni ake. Madzi ndi a Lilongwe Water Board, magetsi a m'nyumba ndi a ESCOM, misewu ikuluikulu monga M1 ndi ya Roads Authority, ndipo malo ambiri mumzindawu ndi a unduna wa zamalo kapena Malawi Housing Corporation. Kuopsa kwa kugawikana kotere kunaoneka mu July 2017, pomwe zonyansa za m'paipi ya suweji zinalowa m'madzi akumwa ku Area 18. Anthu okhudzidwa anasumira mabungwe atatu nthawi imodzi: Lilongwe Water Board, Malawi Housing Corporation ndi khonsolo ya mzinda.

Wokhala mumzinda amene ali ndi dandaulo angachite bwino kulilemba m'kalata, kulipereka kudzera kwa mtsogoleri wa buloko kapena komiti ya chitukuko ya wodi, ndi kufunsa khansala kuti nkhaniyo ikakambidwa m'komiti iti komanso liti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limalola munthu aliyense kupempha bajeti ya khonsolo n'kuona ngati msewu wa kwawo ulimo.